Makina Ochapira Zovala Akayamba Kulira

 Nkhani ya lero ndi ya makina ochapira zovala, aja okhala ndi chitseko chagalasi kutsogolo, ndiponso ya tizitsulo tiwiri ndi kamphira kamodzi zimene zikatha, makina onse amaoneka ngati afa.

Wina angafunse kuti, kodi nkhani yotere ili ndi malo ku Neno? Funsoli nloyenera. M'boma limeneli, limene lidapatuka ku Mwanza m'chaka cha 2003, anthu ambiri amachapa monga ankachapira makolo ao, pamwala m'mitsinje ya Lisungwi ndi Mkulumadzi, kapena pa simenti pambali pa mjigo. Magetsi ounikira dziko lino amapangidwa pakhomo pao pomwe, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula kuyambira 1966 ndi ku Tedzani kuyambira 1973, komabe nyumba zambiri za m'midzi magetsiwo sadazifikire. Ngakhale zili choncho makinawa alipo. Amapezeka m'nyumba zina za anthu apantchito, m'nyumba zogona alendo, ndi kwa mabanja amene ana ao adapita ku Joni. Ndipo palibe chipatala, kaya cha pa Neno boma kaya cha ku Lisungwi, chimene chingasamale odwala popanda nsalu zochapidwa bwino tsiku ndi tsiku. Chinanso nchakuti makina ambiri amene amafika m'manja mwa anthu wamba ndi ogwira kale ntchito kwina. Mwini woyamba adadya mnofu, wachiwiri walandira mafupa.

Kawirikawiri nkhani yake imayenda motere. Mayi wa pa Zalewa walandira makina kuchokera kwa mwana wake wa ku Johannesburg, ndipo wayamba kuchapira anthu mabulangete ndi nsalu za pabedi, napeza ya ndiwo ndi ya sukulu ya ana. Papita chaka. Tsiku lina makina aja pofinya zovala ayamba kulira pang'ono, ngati galimoto yodutsa patali pa mseu wa ku Mwanza. Mayiyo salabadira, poti zovala zikuyerabe. Pakapita miyezi ingapo kulira kuja kwasanduka mkokomo wa ndege, mwakuti a nyumba yoyandikana nayo sakumvana polankhula. Kenaka pa nsalu yoyera ya mwini wake paoneka madontho ofiirira amene sakuchoka ndi sopo aliyense. Pamenepo ndipo amaitana mmisiri, ndipo ngati mmisiriyo ndi wachangu pa ndalama koma waulesi pa ntchito, amangotchera khutu kamphindi nanena kuti, "Mayi, mota yapita, mugule ena." Makina amatulutsidwa kukhonde, nkhuku nkuyamba kuikiramo mazira. Chonsecho mota ili bwinobwino.

Kuti munthu amvetse chimene chalakwika, ayenera kudziwa m'mene makinawa adapangidwira mkati. Muli migolo iwiri, wina mkati mwa unzake. Wamkati ndi uja wachitsulo chonyezimira, wa timabowo tambirimbiri, m'mene zovala zimalowa. Wakunja suoneka, ndiwo umasunga madzi, ndipo m'makina ambiri a masiku ano ndi wapulasitiki. Wakunjawu suzungulira. Umalendewera pa masipuling'i kumwamba, nutsamira pa mashoko kunsi, ndipo adaumangirira zigulumwa za konkire kuti usamadumphe. Kumbuyo kwa mgolo wamkati kudamangidwa chitsulo cha miyendo itatu chimene amisiri amachitcha kangaude, ndipo pamimba pa kangaudeyo pamachokera shafiti, ndodo yachitsulo imene imadutsa m'khoma lakumbuyo la mgolo wakunja nikalandira gudumu la lamba wochokera ku mota. Makina ena, monga ambiri a LG, alibe lamba, mota idamangidwa pa shafiti pomwepo. Koma pamene shafiti ikudutsa m'khoma mpofanana m'makina onse. Pali maberingi awiri, ndipo kutsogolo kwao, mbali ya madzi, kuli silo. Silo imeneyi si nkhokwe zija za ku Kanengo ai. Ndi kamphete ka mphira kokhala ndi mlomo wofewa umene umakumbatira shafiti kuti madzi asadutse.

Beringi ndiye aliyense amaidziwa, ngakhale amene sadaonepo makina ochapira, pakuti ili m'gudumu la njinga, ilinso m'chigayo. Ndi mphete ziwiri zachitsulo cholimba, yamkati ndi yakunja, ndipo pakati pake pamayenda timipira tachitsulo, tija okonza njinga amati mabolo, tosambira m'girisi. Koma pali kusiyana kwakukulu. Gudumu la njinga limagwiridwa mbali zonse ziwiri. Mgolo wa makina ochapira uli ndi kukamwa kutsogolo kolowetsera zovala, motero umagwiridwa kumbuyo kokha, monga munthu wonyamula ndowa yodzaza madzi atatambasula mkono. Tsono mkono umenewo uzungulirenso. Makina ambiri a m'nyumba amafinya pozungulira ka 1,000 mpaka ka 1,400 pa mphindi imodzi. Pa liwiro la 1,200, mgolo umazungulira ka 20 pa sekondi. Mu mgolo wa masentimita 48 m'mimba mwake, kilogalamu imodzi ya nsalu yonyowa imene yaunjikana mbali imodzi imakoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa makilogalamu 350, ndiye kuti matumba 7 a chimanga. Katundu yenseyo amathera pa timipira tija. Nchifukwa chake bulangete limodzi lalikulu, lochapidwa palokha, limazunza makina koposa zovala zambiri zing'onozing'ono zimene zimamwazikana bwino mu mgolo.

Komatu woyamba kugonja si beringi ai. Beringi yokhala ndi girisi wake, madzi osaikhudza, imakhala zaka zambiri. Woyamba kugonja ndi silo. Mlomo wake umaperepeseka ndi kukalamba, koma chimene chimaudya msanga ndi mchenga. Zovala za kumunda zolowetsedwa osakutumula, ndi madzi otungidwa m'migolo amene ali ndi tizinyalala pansi, zimabweretsa mchenga umene umakhala pakati pa mlomo wa silo ndi shafiti nupala zonse ziwiri ngati tupa. Mdani wachiwiri ndi thovu. Nthawi zambiri madzi a m'makina otere amakhala kunsi kwa shafiti, koma munthu akathira sopo wa ufa wochapira pamanja, amene amachita thovu kwambiri, thovulo limadzaza mgolo wonse nilikhala pa silo nthawi yonse ya kuchapa. Makina a chitseko kutsogolo amafuna sopo wa thovu lochepa, uja paketi yake idalembedwa kuti automatic. Silo ikangolola kadontho kamodzi, madzi a sopo amatsuka girisi m'beringi yoyamba, dzimbiri limalowa, timipira timachita zipsera, ndipo kulira kwayamba. Madontho ofiirira aja a pa nsalu ndi girisi wosakanikirana ndi dzimbiri amene akubwerera mu mgolo kudzera pa silo yothayo.

Palinso chifukwa china chimene anthu a ku Neno ayenera kuchisamala koposa a m'tauni, ndicho ulendo. Makina atsopano amabwera ndi mabauti atatu kapena anai aatali kumbuyo, ogwira mgolo kuti usagwedezeke panjira. Mabautiwa amachotsedwa makina asanayambe ntchito, ndipo ambiri amawataya tsiku lomwelo. Tsono makina ogulidwa kwa munthu ku Blantyre akakwezedwa pa lole popanda mabauti amenewa, nakwera miseu ya miyala ya kumapiri, mgolo umamenyeka njira yonse, mashoko amafooka, ndipo timipira timasiya timaenje m'mphete zake. Makina otero amafika pakhomo atadwala kale. Mwini makina akasunge mabautiwa monga amasungira makiyi a nyumba.

Anthu a m'makomiti a mijigo nkhani imeneyi saimva ngati yachilendo. Mjigo wa Afridev, umene udayambira m'dziko muno kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 pa dzina lakuti Maldev, nuyesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu usanakamalizidwe ku Kenya, uli nazo zomwezi: timaberingi tapulasitiki pa chogwirira, ndi silo ya mphira pansi pa chitsime. Komiti yanzeru siyembekeza kuti chogwirira chiyambe kugwedera ndi kudya chitsulo. Imasintha tizipangizo totchipato nthawi yake ikakwana. Mwini makina ochapira sangasinthe silo chaka ndi chaka monga amachitira a mjigo, pakuti kuifikira ndi ntchito ya tsiku lonse, koma angathe kuchitapo kanthu kulira kukangoyamba, shafiti ndi kangaude zisanaonongeke.

Mmisiri woona asanamasule kanthu amayamba watsimikiza kuti matenda ndi amenewa. Choyamba amazula pulagi ku khoma. Kuzimitsa pa batani sikukwanira. Magetsi a m'nyumba za m'Malawi ndi a mphamvu ya 230, ndipo pamene pali madzi ndi chitsulo amapha. Atatero amatsegula chitseko nazunguza mgolo ndi dzanja. Mgolo wabwino umayenda mwakachetechete. Wa beringi yakutha umamveka ngati mphero ikupera mchenga. Kenaka amagwira mlomo wa mgolo wamkati cha kumwamba naukankhira m'mwamba ndi pansi. Migolo yonse iwiri ikagwedezeka pamodzi pa masipuling'i, palibe cholakwa. Koma wamkati ukamasewera paokha, nugogoda, beringi yatha, kapena mwendo wa kangaude wathyoka. Atatsegula chivundikiro chakumbuyo amayang'ana kunsi kwa gudumu la lamba: mzere wa dzimbiri wotsika pa khoma la mgolo ndi umboni wosakanika wakuti madzi adutsa silo ndi maberingi onse awiri. Pomaliza amavula lamba nazunguzanso mgolo. Phokoso likapitirira, mota ilibe mlandu. Likatha, ndiye kuti mayi uja adauzidwa zoona, ndipo ndi mota imene ifunika kuonedwa.

Sikuti phokoso lililonse ndi la beringi. Kandalama kachitsulo koiwalika m'thumba la buluku, kapena kawaya ka m'chovala cha amayi, kakalowa pakati pa migolo kamakwekwesa. Kameneko kamatuluka mosavuta. Phokoso lomveka pamene makina akutaya madzi pokha ndi la pampu. Kugunda kwa makina odumphadumpha kumachokera ku mashoko akutha kapena pansi posalingana. Mmisiri wofulumira kuphwasula asanasiyanitse zimenezi amadyetsa mwini makina ndalama pachabe.

Tsono pali funso limene liyenera kuyankhidwa ndalama isanatuluke: kodi mgolo wakunjawo umatseguka? M'makina ambiri udapangidwa zigamphu ziwiri zomangidwa ndi mabauti kapena zopanira, mphira ili pakati. Koma makina ena, makamaka otsika mtengo, adasungunula pulasitiki nkuphatikiza zigamphuzo kuti zisalekanenso, mwakuti chifukwa cha kamphira kamodzi munthu agule mgolo wonse, umene mtengo wake umayandikira wa makina ena. Kumeneko ndi kupanga koipa, ndipo kudandaula kwake kudamveka ngakhale kumaiko kumene makinawa amachokera. Kuyambira pa 1 Marichi 2021, malamulo a European Union amakakamiza opanga makina ochapira kuti zipangizo zosinthira, kuphatikizapo mgolo, kangaude ndi maberingi ake, zizipezeka kwa amisiri kwa zaka 10. Lamulo limenelo silifika pa Zalewa, koma limaonetsa kuti makina amenewa ngoyenera kukonzedwa, osati kutayidwa. Alipo amisiri amene amacheka mgolo wosatsegukawo ndi sowo mu mzere wake, nadzaumanganso ndi timabauti ndi guluu wosalowa madzi. Zimatheka, koma ndi ntchito ya munthu wodekha, ndipo mwini makina auzidwiretu kuti mwina pangadzadonthe.

Za zipangizo, nkhani yabwino ndi yakuti beringi ilibe mtundu. Kampani ya SKF, imene idayamba ku Gothenburg m'dziko la Sweden m'chaka cha 1907, ndi makampani ena onse opanga maberingi amatsata manambala amodzimodzi. Nambala idadindidwa m'mbali mwa beringi, ndipo ndiyo imanena msinkhu wake. Ya 6204 ili ndi bowo la mamilimita 20, ndipo kunja kwake ndi 47. Ya 6205 ndi 25 mkati, 52 kunja. Ya 6206 ndi 30 mkati, 62 kunja. Pa maberingi amenewa, manambala awiri omaliza akachulukitsidwa ka 5 amapereka kukula kwa bowo. Zilembo zotsatira zimanena za chivundikiro: ZZ ndiye kuti idatsekedwa ndi timalata mbali zonse, 2RS ndiye kuti idatsekedwa ndi mphira. Maberingi omwewa amagwira ntchito m'mamota ndi m'mapampu, motero munthu sayenera kufunafuna sitolo ya makina ochapira; amapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo za magalimoto ndi za zigayo ku Limbe ndi ku Blantyre. Kawirikawiri m'makina amodzi mumakhala awiri osiyana, yaikulu mbali ya mgolo, yocheperapo mbali ya lamba. Chosowa kwenikweni ndi silo. Nayo ili ndi manambala ake atatu, monga 30, 52 ndi 10, kutanthauza bowo, kunja, ndi kuchindikala kwake, ndipo yosiyana ndi milimita imodzi yokha ndi yopanda ntchito. Nchifukwa chake wopita kukagula anyamule zakalezo m'thumba, ngakhale zili zakuda ndi dzimbiri, akaziike pa kauntala. Kuchokera ku Neno boma kukafika ku Limbe ndi kubwerera ndi tsiku lathunthu ndi ndalama zambiri za ulendo; wodalira kukumbukira kwa mutu amayenda kawiri. Asamalenso ndi maberingi achinyengo, olembedwa dzina lotchuka koma otchipa modabwitsa. Ntchito yophwasula makina ndi yaikulu kwambiri kuti munthu aibwereze pakatha miyezi iwiri chifukwa choumira pa chitsulo.

Wina amayesa kusintha beringi imodzi yokha, kapena kusiya silo yakale poti ikuonekabe yamoyo. Kumeneko ndi kufolera denga kusiya chibowo pamwamba pa mphasa. Zitatuzi zimasinthidwa pamodzi.

Kuphwasula kwake nkotopetsa koma sikovuta. Mmisiri amatseka madzi, natulutsa otsala kudzera pa kachitseko ka pansi kutsogolo. Asanazule waya uliwonse amajambula ndi foni, pakuti mawaya amene m'mawa amaoneka osaiwalika, madzulo amakhala ofanana onse. Mabauti a gawo lililonse amawaika m'kambale kakekake. Amachotsa chivundikiro cha pamwamba, kabati ka sopo, mphira ya pachitseko ndi khoma lakutsogolo, amatsitsa zigulumwa za konkire, amavula lamba, namasula gudumu lake atalipinga ndi kamtengo kuti lisazungulire, amachotsa mota, mapaipi, ndi mawaya a chotenthetsera madzi, namasula mashoko. Apo mgolo watsala pa masipuling'i okha. Mutu umodzi susenza denga: aitane mnzake, autulutse awiri, augoneke pa mphasa kapena pa matayala akale. Asanalekanitse zigamphu ziwiri zija alembe chizindikiro pamene zikukumana.

Pamene amisiri ambiri amaonongera makina ndi potulutsa shafiti. Imakhala itagwirana ndi maberingi chifukwa cha dzimbiri, ndipo mtima umafuna kuimenya ndi hamala yaikulu. Koma nsonga ya shafiti ili ndi mazinga a bauti, ndipo ikafutukuka ndi kumenya, gudumu la lamba silidzalowanso. Wodziwa ntchito amathira mafuta osungunula dzimbiri nadikira, kenaka amabwezera bauti yakale pa nsonga, naika chipika cha mtengo wolimba pamwamba, namenya chipikacho. Shafiti imatsika pang'onopang'ono mpaka mgolo wamkati utamasuka. Pamenepo ayambe waima, ayang'ane zinthu ziwiri. Choyamba ndi kangaude. Chitsulo chake ndi cha aluminiyamu, ndipo zotsalira za sopo ndi madzi a mchere zimachidya mpaka chimafumbutuka ngati chikwangwa cha chinangwa chouma. Mwendo ukakhala ndi mng'alu, maberingi atsopano sathandiza kanthu. Kangaude asinthidwe, ndipo akasowa, makinawo afika pothera, mwini wake auzidwe zoona. Chachiwiri ndi khosi la shafiti, pamene mlomo wa silo umayenda. Liyenera kukhala losalala ngati galasi. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi sandipepa wosalala kwambiri, koma ngati silo yakale idakumbapo ngalande yoti chikhadabo nkukodwa, silo yatsopano idzadontha posachedwa.

Asanazule silo yakale aone bwino mbali imene idayang'ana, aijambulenso, pakuti yatsopano iyenera kulowa chimodzimodzi. Imazuka ndi sikuludilaiva. Maberingi akale amagogodedwa kuchokera mbali inayo ndi kandodo kachitsulo, uku pang'ono, uko pang'ono, mozungulira, kuti beringi ituluke yoongoka osang'amba chisa chake. Chisacho achipukute mpaka chiyere.

Polowetsa zatsopano pali lamulo limodzi losati nkuliphwanya: hamala isakhudze mphete yamkati, ngakhalenso chivundikiro cha timipira. Mphamvu yonse ipite pa mphete yakunja yokha. Ikadutsira m'timipira imasiya timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo beringi imene yatuluka m'pepala lake lero imayamba kulira mwezi usanathe, mwini makina nkumati adamgulitsa yachinyengo, chonsecho adaipha ndi mmisiri. Chida chabwino chogogodera ndi beringi yakale ija, kuiika pamwamba pa yatsopano kuti mphete zakunja zigundane, kapena paipi yofanana kukula ndi mphete yakunja. Amene ali ndi filiji aikemo maberingi kwa ola limodzi asanawalowetse. Chitsulo chikazizira chimafota pang'ono ndipo chimalowa mosavuta. Agogode mofatsa, mozungulira, akumvetsera. Beringi ikafika pansi pa chisa chake kulira kwa hamala kumasintha, kumakhala kolimba ndi kouma, ndipo apo aleke. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Silo imalowa pomalizira, ndi zala kapena ndi kathabwa kosalala, mpaka italingana mbali zonse. Mlomo wake upakidwe girisi wosasungunuka ndi madzi, amene nthawi zina amabwera m'kapaketi pamodzi ndi silo. Pano anthu amachita zodabwitsa: wina amapaka oyilo wa galimoto, wina mafuta odzola, wina ngakhale mafuta ophikira. Zonsezi zimatsukika ndi madzi a sopo pa kuchapa koyamba, ndipo zina zimafufumitsa mphira. Silo yoyenda youma imatentha nipsa mlomo, ndipo ntchito yonse ya tsikulo yapita m'madzi. Akatero alowetse shafiti moongoka, mosamala kuti nsonga yake isapinde mlomo wa silo, ndipo azunguze mgolo ndi dzanja. Uyenera kuyenda molimbirako pang'ono kusiyana ndi kale, poti silo yatsopano ikugwira, koma mopanda phokoso.

Pobwezera zigamphu, mphira ya pakati ikhale yatsopano ngati ipezeka, ndipo mabauti amangidwe modumphitsa, uku ndi uko, monga amamangira gudumu la galimoto. Chotenthetsera madzi chilowe m'kachopanira kake pansi pa mgolo. Chikaphonya, mgolo umachikhula pozungulira. Mmisiri wanzeru amatseka mabowo a mapaipi nathira madzi mu mgolo uli panja pomwepo, kuti ngati pali podontha aone asanabwezere zonse. Bauti ya gudumu la lamba imangidwe zolimba, pakuti ikamasuka pa liwiro lija imaononga zambiri. Waya wobiriwira ndi wachikasu, uja wopita ku chitsulo cha makina, asauiwale. Ndiwo umateteza munthu wogwira makina ndi manja onyowa.

Achinyamata a ku Neno amene adaphunzira za magetsi kapena za injini, kaya ku Soche Technical College kaya m'maphunziro ena a TEVETA, kaya pansi pa mtengo kwa mmisiri wa zigayo, ntchito imeneyi siingawakanike. Zida zake ndi masipanala, hamala ndi chipika cha mtengo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wolola kutaya tsiku lonse pa makina amodzi, ndi mwini makina wolola kulipira tsiku limenelo osanyinyirika kuti tizitsulo take ntating'ono.

Makina akaimikidwa pamalo pake, miyendo yake inai isinthidwe mpaka onse agunde pansi mofanana, osagwedera ngakhale munthu atawakankha pangodya. Pansi pakhale pa simenti yolimba, osati pa matabwa kapena pa njerwa zosanjikiza. Kuchapa koyamba kukhale kopanda zovala, chivundikiro chakumbuyo chili chotsegula, mmisiri ataima patali pang'ono ndi tochi, akuyang'ana kunsi kwa gudumu la lamba ndi mu mzere wa zigamphu, osalowetsa dzanja. Pakauma, athire zovala zochepa, ayese kufinya pa liwiro lotsika, kenaka lokwera. Pakatha sabata abwerenso adzaunike malo omwewo, atazula pulagi, ndi kupititsapo chala. Chala chikabwera chouma, atseke chivundikiro chakumbuyo, ndipo mayi wa pa Zalewa atumize mau ku nyumba zogona alendo kuti abweretse nsalu zao.